Llama si wojambulitsa naye zithunzi basi

Lero maganizo anga ali kutali, ku mapiri a Andes ku Peru, koma nkhani ya llama, chiweto chosenza katundu cha kumeneko, yandikhala pamtima.

Amene munafikapo pa Sapitwa mukudziwa mmene munthu umapumira mwawefuwefu pa mamita 3,002. Tsono mzinda wa Cusco wokha uli pa mamita pafupifupi 3,400, ndipo kumeneko n'kumene alendo amanyamukira akafuna kukazungulira phiri la Ausangate, lotalika mamita 6,384. Ndi ulendo wa masiku angapo wapansi, wodutsa m'mipata yoposa mamita 5,000, usiku madzi n'kumaundana m'ndowa. Matenti, zofunda, mapoto, chakudya, zonsezi zimafuna wonyamula. Anyamule ndani?

Makampani ambiri oyendetsa alendo amasankha mahatchi ndi nyulu poti zimasenza katundu wambiri. Ine ndikuti akulakwitsa. Nyama zimenezi zinabwera ndi Asipanya m'zaka za m'ma 1500. Ziboda zake n'zolimba, zimakumba njira, mvula ikagwa n'kukokolola dothi. Ndipo kumtunda koteroko udzu umamera pang'onopang'ono, ukazulidwa subwerera msanga.

Llama ndi mwana wa komweko. Anthu a ku Andes anayamba kumuweta zaka masauzande zapitazo, ndipo ndi iyeyu amene ankasenza katundu m'misewu ya ufumu wakale wa Ainka, yotchedwa Qhapaq Ñan, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo osungidwa mu 2014. Ndi wachibale wa ngamila ngakhale alibe linunda. Phazi lake lili ndi zala ziwiri, kunsi kwake kofewa, moti akaponda sasiya bala panthaka. Amadya udzu wouma wa ichu umene amaupeza m'njira, safuna kumunyamulira chakudya chambiri.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti llama amadziwa malire ake. Amanyamula makilogalamu 25 mpaka 30. Ukamuchulukitsira amangogona pansi, kumukoka kaya kumukalipira sadzuka, mwinanso akulavulira. Ena amati ndi makani. Ine ndimati nyamayi imakakamiza mlendo kusiya zosafunika kuhotela, ndi kuyenda mwachifatse, zomwenso thupi limafuna pamalo opanda mpweya wokwanira. Ambiri amene amadwala mutu ndi kusanza kumtunda kuja ndi othamangira kukwera.

Koma nkhani yaikulu ndi ya anthu. Eni ma llama ndi mabanja olankhula Chikechuwa okhala m'midzi ya pamwamba kwambiri, kumene chimanga sichibereka, kumangochita mbatata ndi ziweto. Misewu ya magalimoto itafika, ntchito ya llama inachepa, ena n'kuyamba kuwaona ngati opanda phindu. Lero mumzinda wa Cusco mupeza llama kapena alpaca, m'bale wake wocheperako, atamuveka ulusi wamitundumitundu, ataima pakona tsiku lonse kuti alendo ajambulitse naye n'kusiya kandalama. Sindikuwaweruza amayi ochita zimenezi, akusaka chakudya cha ana. Koma zimandipweteka kuti nyama imene inasenza ufumu wonse pamsana yatsala ndi ntchito imeneyo.

Ulendo ukamayenda ndi ma llama, woweta amayendanso nawo, chifukwa nyamazi zimamvera mwini wake ndipo zimayenda pagulu. Ndalama imalowa m'mudzi. Mwana amaona kuti luso la bambo ake lomanga katundu ndi zingwe zolukidwa ndi ubweya lili ndi msika. Mlendonso amatsogoleredwa ndi munthu amene amaona Ausangate ngati Apu, phiri lopatulika, osati malo ongopondapo.

N'zoona kuti pamafunika ma llama angapo kuti anyamule katundu wa nyulu imodzi, ndipo mtengo ungakwereko. Munthu amene wakwanitsa tikiti ya ndege mpaka ku Lima, likulu la Peru, sangalephere zimenezo.

Tsiku limene ndidzapite, ndisanalipire ndidzafunsa kampaniyo kuti ma llamawo ndi a ndani, ndipo mwini wake amalandira zingati pa tsiku.