Nyanja si dzala la kuseri kwa nyumba yanu

Ana anga, adzukulu anga, ndi inu nonse amene mumabwera kunyanja kuno pa maminibasi olira nyimbo ngati kuli ukwati, takhalani pansi mundimvere. Ndakhala ndikudziletsa kuopa kuti muziti nkhalamba yayamba kulongolola, koma zimene ndinaona Lolemba m'mawa pagombe kuno ku Salima zandichotsa manyazi. Wokutsina khutu ndi mnansi, ndipo lero ndikutsinani kolimba.

Ndinatsika m'bandakucha monga mwa chizolowezi changa, kukasukusula ndi kuona zimene alovi abwera nazo. Mchenga umene ndinakulirapo, woyera uja, unali wosaoneka. Majumbo ali mbwee, mabotolo a mowa ena athunthu ena ophwanyidwa dala pamwala, mbale za pulasitiki zodyera chipisi, mafupa a nkhuku, ndipo pansi pa mtengo wina munthu anakwirira matewera a mwana ndi mchenga wochepa ngati mphaka. Mwana wa mnansi wanga, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, anaponda galasi akupita kukatsuka mbale, chidendene chonse kung'ambika. Amene anaphwanya botololo nthawi imeneyo anali ali mtulo ku Lilongwe, ndipo zithunzi zake zinali kale pa Facebook, iye atatambasula manja, kumbuyo kwake dzuwa likusewera pamadzi, pansi atalemba kuti Malawi ndi wokongola.

Wokongola ndithu. Pamenepo sindikutsutsani. Ine ndaona dzuwa likutuluka tsidya la Mozambique kwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, koma mpaka lero likamatuluka ndimaima kaye. Madzi amayamba ngati chitsulo chozizira, kenako afiira, kenako ayera mpaka kuthobwa m'maso, nkhwazi n'kulira pamwamba pa mtengo itapendeketsa mutu chagada. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandanda kutali ngati mzinda wayandama. Nthawi zina mumaona chinthu chakuda chikukwera kuchokera pakati pa madzi, mlendo n'kufuula kuti sitima ikupsa, chonsecho ndi nkhungu, tizilombo tija anthu a m'mbali mwa nyanja amatikola n'kuumba ndiwo. Livingstone anafika kuno mu 1859, anzake n'kumalemba kuti watulukira nyanja, ngati kuti agogo athu amene anam'lozera njira ankasamba m'fumbi. Ndipo musaiwale kuti chilankhulo chimene mukuwerengachi, chisanatchedwe Chichewa mu 1968, m'mabuku chinkatchedwa Chinyanja, ndipo abale athu a ku Zambia ndi ku Mozambique akuchitchabe choncho. Dzina la mawu a m'kamwa mwathu linachokera m'madzi amenewa. Ndiye munthu n'kubwera kudzakwirira matewera pamenepo?

Vuto lanu ndalidziwa. Mukaima pagombe osaona tsidya lina, mumaganiza kuti chinthu chachikulu chotere sichingade, sichingathe, chimameza chilichonse. N'zoona ndi yaikulu: kutalika kwake kumapitirira makilomita 560, ndipo kumpoto kuli malo akuya pafupifupi mamita 700. Koma mitsinje yothira m'nyanjayi ndi yambirimbiri, Linthipe, Bua, Dwangwa, Rukuru, Songwe, pomwe wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire, ku Mangochi. Madzi ambiri amachoka ngati nthunzi padzuwa. Nthunzi simanyamula jumbo. Chimene mwaponyamo chimatsala momwemo, mwera ukawomba n'kuchibweza pagombe pomwe mwana akutsuka mbale. Komanso kupitirira mamita 250 kunsi kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako, choncho moyo wonse wa nyanjayi uli pamwamba ndi m'mbali, momwe inu mumataya nyansi zanumo. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma pitani pamsika uliwonse mukaone chimene akukulungiramo tomato.

Musaganize kuti ndikukalipira a m'tauni okha. Asodzi anzanga, ana a kwathu, bwerani kuno, inu ndiye mlandu wanu ndi waukulu, chifukwa mumadziwa.

Masikito amene munalandira kuchipatala kuti mkazi wanu woyembekezera asadwale malungo, mwawasoka pamodzi n'kupanga khoka. Mumawakoka m'madzi osaya, m'mabango, momwe nsomba zimaswera. Ukonde umenewo sumasankha. Umatenga kasawala, tiana ta chambo tija, umatenga bonya, umatenga ndi tina tosaoneka n'komwe maso, n'kukayanika pathandala ngati phala. Bambo anga ankaluka okha ukonde, ndipo diso lake ankaliyeza ndi zala. Kansomba kakang'ono kakakodwa ankakabweza m'madzi akunena kuti pita ukaitane amako. Ife ana tinkaseka. Lero sindikusekanso.

Kodi munayamba mwaonapo mmene chambo chimaberekera? Chachimuna chimakumba chisa pamchenga pansi pa madzi, chozungulira bwino ngati lichero, n'kumachilondera. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa. Masabata angapo chimayenda ndi ana m'kamwa, osadya bwinobwino, ndipo ngakhale ataswa, kukabwera choopsa ana amathawira m'kamwa mwa mayi wawo. Nsomba yolera ana ngati munthu. Ikafika nyengo imeneyo imayandikira kumadzi osaya, ndiye inu mukadutsitsa khoka pamenepo mumafafaniza zisa, ndipo chambo chimodzi chimene mwakoka chikulavula ana pamchenga ndi mudzi wathunthu wa nsomba umene mwaupha. N'chifukwa chake boma limatseka nyanja ku makoka amenewa kwa kanthawi kuyambira mu Novembala. Simukuzunzidwa ayi. Koma usiku timakumvani nkhafi zikulira, ndipo timadziwanso kuti ena a m'makomiti a pagombe amene anaikidwa kuti azilondera amatseka maso akalandira kangachepe.

Zotsatira zake mukuziona m'mbale. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Nyanja ya Malombe, imene kale inkadyetsa Mangochi ndi Blantyre chambo, inatsala ndi tinsomba ta kambuzi. Ntchila, nsomba imene amayi anga ankaiona ngati ndiwo wamba, mdzukulu wanga anandifunsa kuti kodi ndi mbalame. Mpasa umakwera mtsinje wa Bua kukaswa, ndipo anthu amaudikirira panjira ndi maukonde otseka mtsinje wonse, ena n'kuthira katupe m'madzi kuti nsomba ziledzere. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chambo lero ndi chakudya cha bwana kuhotela, mwana wa msodzi akudya bonya wowawa mchenga.

Wina anena kuti agogo, njala ndi imene ikutichititsa. Njala ndikuidziwa, ndinagonapo nayo, ndipo sindinganyoze munthu amene ana ake akulira. Koma pitani ku chilumba cha Mbenji, konkuno ku Salima, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka chilumbacho mvula ikayamba, cha mu Disembala, n'kudzatsegula mu Epulo ndi mwambo. Nthawi yotseka palibe amene amagona kumeneko. Nthawi yotsegula, mowa saloledwa, chamba saloledwa, njuga saloledwa, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Anthu a kumeneko nawonso ali ndi mimba ngati inu, nawonso ali ndi ana a sukulu. Koma utaka wa ku Mbenji ndi waukulu, ndipo asodzi amachokera kutali kudzapempha malo. Sanadikire mzungu wa pulojekiti kuti awaphunzitse. Anangogwirizana, mfumu n'kuuma mtima.

Za ukhondo ndingonena mwachidule chifukwa n'zochititsa manyazi. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, chimbudzi chili apo, iye n'kulowa m'madzi kukadzithandiza. Likodzo limayenda choncho: mazira amatuluka ndi mkodzo, n'kulowa mu nkhono, n'kubwerera kudzaboola khungu la mwana amene akusambira. Kale kunali nsomba zambiri zodya nkhonozo, ndipo ku Cape Maclear ofufuza anaona kuti nsombazo zitachepa ndi makoka, nkhono zinachuluka, likodzo n'kukwera. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja analira kwambiri. Tinaika anthu m'manda mopanda mwambo, osasambitsa, osagona pasiwa. Mwaiwala kale?

Tsopano ndifike pa chimene chimandisowetsa tulo, chifukwa ine ndi mmodzi wa amene amadzutsidwa kukafunafuna mitembo.

Nyanja iyi si damu la kumudzi kwanu. Imakusekererani m'mawa, masana yasintha nkhope. Ife tinaphunzitsidwa mphepo ndi mayina ake tisanaphunzire alifabeti: mpoto wochokera kumpoto, vuma wochokera kum'mawa, ndi mwera wochokera kummwera, umene umalusa m'miyezi yozizira. Mwera ukadzuka mafunde amatalika kuposa munthu, ndipo msodzi wanzeru amakokera bwato kumtunda n'kukhala pansi kusoka ukonde. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, imene inali itangoyenda maulendo ochepa, inagubuduzika ndi mphepo kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anathera pomwepo. Sitima ya injini, yokhala ndi kapitawo wophunzira. Ndiye inu ndani, ndi bwato la matabwa lobowoka, lokwana anthu khumi mwakwezamo makumi atatu, matumba a chimanga, njinga yamoto ndi mbuzi pamwamba, popanda ngakhale jekete limodzi loyandamitsa munthu? Mwini bwato amawerenga ndalama, inu mumawerenga kuti mufike msanga kumaliro, n'kupezeka kuti maliro achuluka. Anthu a zanyengo amalengeza pawailesi kuti kukubwera mwera, asodzi samalani. Mumamva, n'kunena kuti amangonena.

Ndipo inu achinyamata a pa Khirisimasi ndi pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala. Mwamwa kuyambira pa Kamuzu Road, mwafika kuno miyendo ikukana, kusambira munaphunzirira m'bafa, koma chifukwa atsikana akuonerera mukuti ndikafika pamwala uko. Pansi pa nyanja si pathyathyathya. Mumayenda madzi ali m'chiuno, phazi limodzi kutsogolo mwagwera m'phompho. Chaka china tinatulutsa mnyamata patapita masiku atatu, nyanja itamubweza yokha monga imachitira. Anali atavalabe wotchi. Mayi ake anabwera kuchokera ku Kasungu, anakhala pamchenga masiku onse atatuwo osadya, akuyang'ana madzi, ndipo tsiku limene mwana wawo anamira linali lomwelo loti akanawagulira chitenje. Anzake amene anabwera naye anali atathawa kale ndi minibasi. Munthu wa kuno akakuuzani kuti apo musasambe, pali ng'ona, kapena madzulo ano mvuu zimatuluka, musamuyese wakumudzi wosadziwa kanthu. Safunsa anadya phula.

A ndalama nanunso musabisale kumbuyo kwa mipanda yanu. Mwagula gombe lonse, mwamanga mpaka pomwe mafunde amafika, mwatseka njira imene amayi ankadutsa popita kukatunga madzi, mabango mwatentha kuti alendo aziona bwino. Akuluakulu anakuuzani kuti pamenepo madzi anafikapo kale, inu n'kuwaonetsa mapepala a malo. Mu 2024 nyanja inakwera, ndipo tinaona malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota madzi ali m'mawindo. Madzi saiwala khwawa. Nyanja yomweyi inatsikapo mpaka Shire kuleka kutuluka, kuyambira 1915 mpaka cha mu 1935. Zitachitikanso lero, makina a magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira angaime, ndipo foni imene mukuwerengerapo mawu angayi ingakhale mwala. Nanga mitengo ya m'mapiri mukuitentha makala, dothi lonse likutsika ndi mitsinje kudzakwirira miyala imene tinsomba ta mbuna timadyapo ndere? Timbuna timeneti, tamawangamawanga ngati chitenje, sitipezeka mwachilengedwe kwina kulikonse padziko, ndipo ndi chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980, a UNESCO n'kuilemba m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Alendo amakwera ndege kudzationa. Ife timatiunjika pathandala.

Sindikukuletsani kubwera. Bwerani, nyanjayi ndi yanunso, mwana wa ku Mchinji kapena ku Mulanje ayenera kuiona ndi maso ake, aviike mapazi, adye chambo chootcha ngati chapezeka, chachikulu osati kasawala. Koma bwerani ndi thumba, zinyalala zanu mubwerere nazo. Botolo lisaphwanyidwe. Amene wamwa akhale pamthunzi. Wogulitsa akakubweretserani tiana ta chambo, mukaneni pamaso pa anthu, chifukwa amakoka poti inu mumagula.

Kamtsikana kaja anakasoka kuchipatala, ndipo kakuyenda chotsimphina, sukulu kajomba sabata yathunthu. Ine ndi anyamata anayi a m'mudzi muno tinatola matumba asanu ndi awiri a zinyalala tsiku lomwelo, msana wanga mpaka lero ukundikumbutsa. Loweruka likubwerali ndikakhala pansi pa mtengo womwe uja kuyambira m'mawa, chipewa chakuda, ndodo m'manja, matumba opanda kanthu ali pambali. Minibasi iliyonse ikaima, woyamba kutsika ndimupatsa thumba lake.