Trailer yanu yasiya azakhali anga ali mfiti

Lero ndiye ndakwiya, abale anga. Dzina sinditchula, eniake mukudzidziwa.

Azakhali anga anapita kumsika kwa Ngabu kukagula nsomba. Tiana tina tinayamba kuwalondola m'mbuyo tikukuwa kuti "mfiti ya mufilimu, mfiti ya mufilimu!" Mayi wina wogulitsa tomato anachita kukokera mwana wake kuseri kwa benchi. Munthu wamkulu, wolera zidzukulu, wabwerera kunyumba wopanda ndiwo, misozi ili chuchuchu. Zonsezi chifukwa cha kafilimu ka mphindi zitatu (trailer) kamene anyamata ena anatulutsa potsatsa gawo lachiwiri la filimu yawo yoopsa. Gawo lachiwirilo mpaka lero kulibe.

Gawo loyamba ambiri tinalionera m'ma video show, kuyambira ku Nchalo mpaka ku Bangula. Inali filimu ya ndalama zochepa, zinkachita kuonekeratu: kamera imodzi, mawu akusokonezedwa ndi mphepo, zausiku zounikira ndi matochi a foni. Koma tinaikonda chifukwa inali yathu. Migwalangwa yathu, mabwato athu pa Shire, mantha a ng'ona amene aliyense wokulira kuchigwa kuno amawadziwa, anthu akulankhula Chimang'anja chosakaniza ndi Chisena monga timalankhulira pakhomo. Nkhani yake inali ya ana osowa padooko, mudzi wonse n'kumakayikira nkhalamba ina. Amene anasewera ngati nkhalambayo ndi azakhali angawo. Anavomera chifukwa inu opanga filimuyo munawauza ndi pakamwa panu kuti m'gawo lachiwiri zidzaululika kuti wosowetsa anayo ndi mphwake amene akufuna kulanda dimba, ndipo nkhalambayo idzayeretsedwa pabwalo, pamaso pa amfumu.

Nanga mwatipatsa chiyani? Trailer basi. Azakhali atapakidwa phulusa kumaso, akuseka pansi pa mlambe usiku, manja ali psuu ndi utoto, kenako zilembo zikuluzikulu zoti filimu ikubwera posachedwa. Posachedwa pake pati? Mbali yoti nkhalambayo ndi yosalakwa simunaijambule. Mbali ya pabwalo la amfumu simunaijambule. Munajambula zoopseza anthu zokhazokha, n'kuzimwaza, n'kukhala chete. Kafilimuko kali mu memory card iliyonse, kakuyenda pa Bluetooth ndi pa WhatsApp, ana akukadula tizidutswa n'kumaika pa TikTok. Mwana wa sitandade 3 sadziwa kuti kunayenera kubwera gawo lina. Iye waona gogo uja wa m'mudzi mwathu akuchita zaufiti, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Musatulutse trailer ya filimu imene simunaimalize. Ndikubwereza, musatsatse chinthu chimene mulibe. Trailer ndi lonjezo, ndipo akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Munalonjeza oonera, munalonjeza osewera, munalonjeza mayi wachikulire amene anaima padzuwa la Okutobala, kuno kumene kumatentha kupitirira madigiri 40, akubwereza mawu anu mobwerezabwereza mpaka kummero kuuma. Simunawapatse ndi tambala yomwe, mwati tidzagawana filimu ikagulitsidwa. Filimu yake iti? Imeneyi ya mphindi zitatu?

Ena mukuti ndikukuza nkhani, ndi sewero chabe. Inu mukukhala dziko liti? Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi chiphaliwali. Okalamba anayi, tsiku limodzi. Ku Malawi kuno dzina la ufiti likamata gogo silichoka ndi sopo. Mwana wa oyandikana nawo akadwala malungo mawa, mukuganiza kuti chala chidzaloza ndani? Lamulo la za ufiti la 1911 lija limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma pitani mukawerengere lamulolo gulu la anthu okwiya litanyamula miyala, muone ngati angakumvereni. Amene mumapanga mafilimu oopsa m'midzi mwathu muno muyenera kudziwa kuti osewera anu sakwera ndege n'kupita kwina akamaliza. Amatunga madzi pamjigo womwewo, amapita kumaliro komweko, amagona m'nyumba yopanda mpanda.

Zifukwa zanu tazimva: akuti ndalama zinatha, akuti laputopu inanyowa ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023, akuti wojambula anapita ku Joni. Chabwino. Nanga pakamwa panu panakokolokanso? Foni imene munajambulira zausiku zija idakalipo. Jambulani ngakhale mphindi zisanu za pabwalo la amfumu, nkhalambayo iyeretsedwe, muzimwaze mmene munamwazira trailer. Zikakukanikani zimenezo, imani kutsogolo kwa kamera inuyo eniake, nkhope zanu zionekere, munene kuti mayiwa ndi osewera chabe ndipo nkhani yake inayenera kutha mwakutimwakuti. Bwerani nawo pamsika pomwepo, muwagwire dzanja anthu akuona. Zimenezi sizifuna bajeti, zimafuna manyazi. Koma inu muli zii, ndipo ndikumva kuti mwayamba kale kuitana achinyamata kuti adzasewere filimu ina yatsopano. Yatsopano! Yakale muli nayo ngongole, mukufuna kukapaka phulusa agogo a ndani ulendo uno?

Malizani zimene munayamba. Filimu yoopsa yosamalizidwa si masewera kuno, imasiya munthu wamoyo ali ndi dzina loipa. Malizani, kapena bwerani mudzalifufute dzinalo.

Ndipo inu a m'mashopu oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, musaone ngati ndakuiwalani. Gawo loyamba munalikopera anthu osawerengeka, aliyense akulipira, koma kwa amene anatuluka thukuta simunaperekeko kalikonse. Pano mukuika trailer ija ngati mbasela, ngakhale kwa mwana amene wabwera ndi foni ya amayi ake kudzafuna nyimbo za kwaya. Wina kwa Ngabu komweko anachita kusindikiza nkhope ya azakhali n'kuimata pachitseko kuti aziitanira makasitomala. Chithunzi chimenecho muchichotse lero, mawa ndikudutsa pamenepo.