Pa rampu a ku Zambia atisiya, ndipo zikundiwawa

Ndikudziwa kuti ena munena kuti nsima ya ku Lusaka yandigula, koma ndinena basi. Pa nkhani ya anthu ogwira ntchito pansi pa ndege, a ku Zambia atisiya kutali. Musathamangire kuganiza za chinyumba cha magalasi chija anatsegula mu Ogasiti 2021 pa Kenneth Kaunda International Airport, chimene aliyense wofika kumeneko amachijambula n'kutithira pa Facebook. Nyumba amamanga ndi ngongole, ifenso tikhoza kukongola mawa. Chandiwawa ine ndi khalidwe limene ndinaona pansi pa nyumbayo.

Kwa amene simundidziwa, ndinagwirapo ntchito pa rampu, pamalo pamene ndege zimaima kuti zitsitse ndi kukweza anthu ndi katundu, ndisanabwerere kuno ku Dedza kudzayamba geni ya mbatatesi. Ndinayambira kuponya zikwama m'mimba mwa ndege, kenako kuika machoko, zotsekera kuti ndege isagubuduke, pa matayala, mpaka ndinafika poyenda kunsonga kwa phiko ndege ikamakankhidwa. Ndiye ine ndikaona ndege maso sapita kwa payiloti. Amapita pansi, kwa anthu a marifulekita aja amene inu simuwawerengera.

Mwezi wathawu ndinali ku Lusaka ku ukwati wa mwana wa achemwali anga. Popita ndinakwera basi, Lilongwe, Mchinji, Mwami, Chipata, kenako Great East Road yosatha ija. Pobwerera mkamwini watsopanoyo anandilemekeza ndi tikiti ya ndege. Ndikudikira, ndinakhala pa zenera la m'mwamba, ndipo pansi panga Boeing 737 ina inali itakonzeka kuchoka. Zitseko atseka, mlatho wokwerera auchotsa, towbar, chitsulo chachitali cholumikiza thirakitala ndi ndege, ailumikiza ku tayala lakutsogolo, getsi lofiira pamwamba pa ndege likuphethira. Wa mahedifoni anapereka chizindikiro, thirakitala n'kuyamba kukankha. Kunsonga kwa phiko lakumanzere kunali kamtsikana, msinkhu wa ana amene angolemba kumene Fomu 4, ndodo zowala m'manja. Ndege itangoyenda mamita ochepa, mtsikanayo anakweza manja n'kupingasa ndodo pamwamba pa mutu. Thirakitala inaima pomwepo.

Munthu wina anali atasiya ngolo ya zikwama itadumpha pang'ono mzere, kumbuyo kwa phikolo. Ine poyang'ana kuchokera m'mwamba ndinaona ngati phiko likanadutsa. Koma mtsikanayo anakayika, ndipo atakayika anaimitsa. Tsono tamverani zimene zinachitika. Bambo wina wa imvi, wailesi pa chifuwa, wooneka kuti ndi kapitawo, anathamanga. Ndinagwira mtima, ndinati mwana uja atha naye. Bamboyo anamudutsa mtsikanayo, n'kukagwira ngolo ija ndi manja ake, n'kuikokera mkati mwa mzere. Atatembenuka anamukwezera mtsikanayo chala chachikulu. Mtsikana anapereka chizindikiro choti njira ili bwino, ndege n'kupitiriza kubwerera. Mu chipinda chodikiriramo palibe anazindikira kanthu, aliyense ali pa foni. Ine ndinakhala chete nthawi yaitali, mtima uli phuthuphuthu.

Kuti mumvetse chifukwa chake, dziwani kaye kuti kukankha ndege n'chiyani. Ndege ikaima moyang'ana nyumba siingabwerere yokha, chifukwa mphepo ya injini ingasakaze chilichonse chili pafupi, ndiponso injiniyo ingameze zinyalala. Ndiye imakankhidwa. Payiloti ali pampando wake saona mchira, nsonga za mapiko nazo sangaziyeze bwino. Boeing 737-800 ikadzaza imafika matani 79, ndipo kuchokera nsonga ya phiko ili kufika nsonga ya linalo ndi mamita pafupifupi 35. Wa thirakitala amayang'ana mphuno ndi mimba ya ndege, kumbuyo kumene akuikankhira sakuonako. Amene mumaima pa boda ya Dedza mumaona mmene dalaivala wa thiraki amatulukira thukuta pobweza ngolo yake, kupotokola chiwongolero kumanja kuti ngolo ipite kumanzere. Apa n'chimodzimodzi, kungoti towbar imapindika mbali zonse ziwiri, kwa thirakitala ndi kwa ndege, ndiye ukachedwa pang'ono kuwongola, yakupinda. N'chifukwa chake towbar ili ndi pini yopangidwira kuthyoka mphamvu ikapyola muyeso, kuti mwendo wa ndege usawonongeke. Palinso pini ina ya nsalu yofiira imene amalowetsa pa mwendo wakutsogolo asanalumikize towbar, kuti chiwongolero cha payiloti chisalimbane ndi thirakitala. Akamaliza kukankha, payiloti amanga mabuleki, towbar aichotsa, pini ija aizula, ndipo wa mahedifoni amaima pambali n'kuikweza m'mwamba kuti payiloti aione ndi maso asananyamuke.

Pa zonsezi, maso okhawo amene amaona kumene phiko likupita ndi a munthu wa kunsonga uja. Kawirikawiri ndi wamng'ono pa gulu lonse, wolandira zochepa kuposa onse. Koma ndodo zake zikapingasa, matani onse aja amayenera kuima.

M'kalasi amatiphunzitsa zomwezo kuno kwathu. Zizindikiro za manja ndi za ICAO, bungwe la maiko loona za maulendo a pandege, mabuku a kagwiridwe ka ntchito pansi ndi a IATA, bungwe la makampani a ndege, n'zimodzi ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Maputo. Mphunzitsi amanena momveka kuti aliyense pa gulu ali ndi mphamvu yoimitsa akaona chokayikitsa. Timalemba, timakhoza, timalandira satifiketi. Vuto limayamba tikatuluka m'kalasimo, chifukwa tinaleredwa kuti mwana sadula mawu akulu. Ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu ndiye tinanyanya, ulemu wachingoni uja, kugwada, kuwomba m'manja, "zikomo" pa chilichonse. Ndimaukonda ulemu umenewu, ana anga ndikuwalera nawo. Koma pa rampu mwana wa kwathu akhoza kuona phiko likulunjika pa masitepe, n'kuyamba kaye kuwerengera kuti bwana amva bwanji, wa thirakitala ndi msinkhu wa bambo ake, nanga akakhala kuti waona molakwika. Pofika poti wakweza manja, chitsulo chalira kale.

Ine ndinaimitsapo ndege ikukankhidwa tsiku lina, nditaona masitepe okwerera ali pafupi kwambiri ndi kumene phiko linkadutsa. Ndinachita zimene anandiphunzitsa. Masana omwewo ndinaitanidwa. Funso loyamba linali lakuti, "Kodi iwe, ndege yachedwayi ulipira ndiwe?" Lachiwiri, "Wayamba liti ntchito kuti uziphunzitsa akuluakulu?" Za masitepe aja, amene anawasiya pamenepo, sanafunse. Anzanga anandipatsa dzina loti kaputeni, ndipo linandimamatira mpaka tsiku lochoka. Anyamata amene analowa ntchito pambuyo panga anaona zonsezo ndipo anaphunzira msanga kuti pali lamulo la m'buku ndi lamulo la pa rampu. Palibe anawauza kuti asamaimitse, koma manja awo analemera.

Ndiye mundiuze, poona kapitawo wa imvi akuthamangira ngolo m'malo mothamangira mwana, ndikanamva bwanji?

Ndipo kuderera uku sikuthera ku ntchito. Kuno ku boma ukanena kuti umagwira ku eyapoti, anthu amawala maso, ukangoti pa rampu amati, "Oo, onyamula zikwama aja." Sadziwa kuti munthu ameneyu amagwira ntchito mamita ochepa kuchokera pa kamwa la injini. Pa 31 Disembala 2022, ku Montgomery ku America, mayi wina wa pa rampu anakokedwa ndi injini ya Embraer 175 imene inali isanazime, n'kufera pomwepo. Sadziwanso chifukwa chimene timayendera mondondozana pa rampu mitu ili pansi, kutola tizitsulo ndi timisomali. Concorde imene inagwa ku Paris pa 25 Julayi 2000, n'kupha anthu 113, inaponda kachitsulo kamene kanagwa pa ndege ina pa msewu wonyamukira. Zinthu zoterezi woziona ndi amene ali pansi, ndiye munthu ameneyo mukamutseka pakamwa mwatsala ndi ndani?

Alamu anga, amene amagulitsa nane pa msika, anandigwira pakamwa nditawafotokozera. Anati, "Alamu, inu mwaona tsiku limodzi, mtsikana mmodzi, ndiye mwagulitsa dziko lonse." Anawonjezera kuti a ku Zambia omwewo analephera kubweza ngongole zawo mu Novembala 2020, ndipo chinyumba ndikutamacho ndi cha ngongole ya ku China ya madola 360 miliyoni. Pa ngongole sindinawatsutse, akunena zoona. Ndivomerezanso china chachikulu. Pa luso la manja anyamata athu sagonja kwa wa ku Zambia aliyense. Ndinagwira ndi anthu amene ankadziwa thirakitala yakale ngati mwana wawo, kumva ndi khutu kuti lero ikudwala pati, n'kuikonza ndege isanatere. Kamuzu International Airport inatsegulidwa mu 1983, a ku Japan anatithandiza kuikuza ntchito n'kutha mu 2019, koma okwera amatsikabe pa masitepe, kutanthauza kuti anthu a pansi amakhala ndi khamu la anthu pa rampu, agogo, ana othamanga, ojambula maselefi pafupi ndi phiko, onsewo kuwaweta kuti asayandikire injini. Kukweza munthu wolumala pa masitepe amenewo mwaulemu, dzuwa la Okutobala ku Chileka likuwotcha phula, ndi ntchito imene wa pa mlatho wa ku Lusaka saidziwa kulemera kwake. Pamenepo ndiwavulira chipewa a kwathu.

Koma n'chifukwa chake zikundiwawa kwambiri. Tikanakhala mbuli ndikanati tiphunzire. Luso lilipo, maso alipo, chosowa ndi chilolezo chogwiritsa ntchito masowo popanda kuopa ofesi. Ndipo za tsiku limodzi zija ndinawayankha alamu anga kuti mwana sakweza ndodo mwachangu chonchija ngati dzulo lake anaona mnzake akukalipidwa. Dzanja lija silinazengereze ngakhale pang'ono. Wa thirakitala nayenso sanayambe wasuzumira kuti aone ngati n'zoona, anangoponda buleki. Zimenezo sizichitika mwangozi, zimasonyeza kuti pamalopo anazolowera.

Tisanamizirenso kuti iwo ali ndi mbiri yabwino ya ndege. Kampani ya Zambia Airways inagwa mu 1994, ya Air Malawi inagwa mu 2013. Ife tinadzuka mu 2014 ndi Ethiopian Airlines itatenga magawo 49 pa 100 aliwonse, iwo anadzuka mu Disembala 2021 ndi Ethiopian yomweyo. Tinawatsogolera pamenepo. Chinyanja cha ku Chipata ndi Chichewa chathu timamvana, Gawa Undi wa ku Katete ndi mfumu yathu tonse Achewa, nawonso amagwadira akulu monga ife. Ndiye iwo atha bwanji kusiya kugwadako pa geti polowa ntchito, ife n'kumalowa nako mpaka pansi pa phiko?

Za anansi ena sindichedwapo. A ku Mozambique, amene pa Lizulu timangowoloka msewu n'kufika kwawo, anamanga bwalo lokongola ku Nacala mu 2014, koma ndege zotera kumeneko n'zowerengeka, ndipo rampu yopanda ndege siiphunzitsa munthu kanthu. Ku Joni, pa OR Tambo, liwiro lawo n'lochititsa mantha, ndege imodzi ikukankhidwa ina ili kale pa mzere kudikira malo omwewo, ndipo mphezi zikayandikira ntchito ya pa rampu imaima yonse. Koma tonse tikudziwa chifukwa chimene wopita kumeneko amakulungira chikwama ndi pulasitiki mpaka osachizindikira. Ine sindiwasirira. Amene ndikuwasirira ndi a kuseri kwa Mchinji awa.

Akapitawo a kwathu, ena a inu tinadya limodzi chiwaya pa geti, mukundidziwa. Mwana akaimitsa ndege n'kupezeka kuti phiko likanadutsa, musamuitanire ku ofesi. Lembani mu lipoti kuti anachita bwino, ndipo funsani amene anasiya ngolo. Mphindi zitatu zochedwa mukhoza kuzifotokoza kwa a kampani ya ndege. Nsonga ya phiko ikagunda chitsulo, ndegeyo siinyamuka mpaka mainjiniya aiyeze, okwera onse atsika, mahotela alipiridwa, ndipo amene achotsedwe ntchito ndi mwana yemwe uja munamuphunzitsa kukhala chete.

Mwana wa achimwene anga ku Bembeke walemba MSCE chaka chino ndipo akuti akufuna ntchito imene ndinkagwira. Mayi ake akukana, akuti si ntchito ya mtsikana. Ine ndamuuza za mnzake wa ku Lusaka uja, ndamuphunzitsa kale zizindikiro za manja pa bwalo la pakhomo, ndi mapesi awiri a chimanga. Ndamuuza kuti alembe makalata kuno kwathu poyamba, chifukwa ndikufunitsitsa adzagwirire dziko lake. Koma ndamuuzanso kuti tsiku limene adzamuitanire ku ofesi chifukwa chopingasa ndodo, adzandiimbire foni asanalowe, ndidzakwera minibasi ya ku Lilongwe tsiku lomwelo.