Mapampu a sitima mumzinda wopanda nyanja

Ntchito yokonza mapampu a haidiroliki, amene amayendetsa makina pokankha oyilo mwamphamvu, ndinaiphunzira ku Monkey Bay, kumene sitima ya Ilala imakonzedwera, ndipo kumeneko ngakhale wophunzira ntchito ankadziwa kuti pampu yoyendetsa chiwongolero kapena winchi ya nangula yasenza miyoyo ya anthu. Kuno ku Lusaka nyanja ili kutali. Makasitomala anga ndi eni maboti opha kapenta ku Siavonga pa nyanja ya Kariba ndi ena a ku doko la Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, koma ambiri mwa ogulitsa zipangizo m'tauni muno sanakwerepo boti, ndiye kwa iwo pampu ndi pampu basi, kaya ndi ya thirakitala kaya ya winchi yokweza ukonde.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti ogulitsawa ndimawalembera zonse bwinobwino: kuchuluka kwa oyilo amene pampu iyenera kukankha ikazungulira kamodzi, mphamvu yofika 200 bar, mtundu wa shafuti, komanso mbali imene iyenera kuzungulira. Wogulitsa wina anavomera zonsezi, natchula mtengo m'madola ngakhale kuti ine ndimalipidwa makwacha. Katunduyo atachoka ku Johannesburg n'kuchedwa pa Chirundu, inafika pampu yozungulira kumanzere m'malo mwa kumanja. Pampu ya magiya mukaizungulitsa mosemphana, oyilo amaphulitsa silo ya pa shafuti, yotchinga kuti oyilo asatuluke, nthawi yomweyo. Nditaibweza, anandiyankha kuti, "Bambo, katundu akatuluka sabwerera," ndipo mawu anga atangomveka kuti ndi a ku Malawi, nkhani inathera pomwepo.

Eni maboti nawonso ali ndi mbali yawo. Pampu siifa yokha, imaphedwa ndi oyilo wakuda. Ndatsegulapo matanki n'kupeza oyilo atayera ngati mkaka chifukwa cha madzi, pansi pali matope ndi tizitsulo tonyezimira timene tapalika m'kati mwa pampu, sefa itatsekeka mpaka kuphwanyika. Pampu ikamalira mokhadzula ndiye kuti ikusowa oyilo kapena ikukoka mpweya, koma anyamata amangopitiriza usiku wonse poopa kubwerera kumtunda opanda nsomba. Ndimawadandaulira kuti agule oyilo wa haidiroliki wa giredi ya ISO 46 kapena 68 ndi sefa yatsopano, iwo n'kukathira oyilo wakale wa injini. Winchi ikaima ukonde uli m'madzi, wolakwa amakhala "Mmalawi uja", ndipo ndalama yanga yotsala imathera pamenepo, popeza amadziwa kuti mlendo amaganiza kawiri asanakasume.

Chaka cha 2024 chinawonjezera pa mavutowa. Madzi atachepa chifukwa cha chilala mu Kariba, kumene amapangira magetsi, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, moti makina oyesera pampu ankangokhala. Ndinakana kutumiza ku Mpulungu, mtunda wopitirira makilomita 1,000, pampu ya chiwongolero imene sindinaiyese, ndipo mwini wake anakapereka ntchitoyo kwa munthu wina amene anavomera kuitumiza tsiku lomwelo.