Yezani phukusi lonse musanalembe mtengo wa positi

N'zoonadi kuti pa okushoni ya pa intaneti ogula amathawa akaona ndalama ya positi yakwera popanda chifukwa. Koma ogulitsa ambiri kuno ku Harare amayeza katundu yekha. Yezani zonse pamodzi, katoni, mapepala otchingira ndi selotepi, kenako mufunse mtengo ku Zimpost, kampani ya positi ya ku Zimbabwe.

Ku DHL, kampani ina yotumiza katundu, samalani, amaonanso kukula kwa bokosi. Chulukitsani mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, mugawe ndi 5000. Bokosi la 40 x 30 x 20 amaliwerenga makilogalamu 4.8 ngakhale mkatimo muli nsapato zokha. Choncho dulani katoni ithine bwino pa katunduyo.

Wa ku Bulawayo akagula zinthu ziwiri, ikani m'bokosi limodzi, alipire positi kamodzi. Lisiti musataye mpaka katundu atafika.