Mthethe ndi msangu si tchire

Ndakwiya kwambiri, ndipo sindikufuna kubisa. Loweruka lapitali ndinapita kumunda wa malemu bambo anga, kufupi ndi nyanja ya Malombe, ndipo ndinapeza kuti munthu amene ndinamubwereka mbali ina ya mundawo wadula timitengo tonse ta mthethe ndi msangu timene ndakhala ndikutisamala kwa zaka zitatu, watiunjika pamodzi ndi mapesi, n'kutitentha. Nditamufunsa, anandiyankha mosatekeseka kuti, "Achimwene, ife timasosa kuti munda uyere, sitilima m'tchire."

Mitengo imeneyo si tchire. Munda umenewu unaguga kalekale, dothi lake latsala pang'ono kusanduka mchenga, kaufiti wadzaza ponseponse, ndipo mvula ikagwa madzi amangothamanga n'kukumba zigwembe. Chimene chinayamba kubwezeretsa moyo m'nthaka imeneyi ndi mitengo yomweyo imene iye waiona ngati zinyalala. Mthethe umamera pamalo pamene mbewu zakanika, umakula msanga, mizu yake imagwira dothi ndi kuthira chonde, ndipo masamba ake akayoyoka amawolerana pomwepo. Msangu umachedwerapo kukula, koma aliyense wa kuno ku Mangochi akudziwa khalidwe lake: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kumalandira dzuwa, ndipo umaphuka m'chilimwe, pamene mbuzi ndi ng'ombe zikufuna mthunzi ndi nyemba zake. Pitani mukaone chimanga cha pansi pa msangu, muchiyerekeze ndi cha pamtetete, kenako mubwere mudzandiuze kuti ndi tchire.

Ndikudziwa kuti minda ndi yochepa ndipo nkhuni zikusowa. Komabe zimenezo sizisandutsa mankhwala a nthaka kukhala udzu. Amene amadula mthethe m'munda woguga akutaya feteleza amene sanagule, amene safuna kuponi, amene sachedwa kufika ngati wa m'matumba uja timamudikirira mpaka chimanga chitafika m'mawondo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ife tikutentha wa pamphuno. Munda woyera ngati bwalo la mpira si chizindikiro cha ulimi wabwino ayi, ndi munda wovula, ndipo umphawi wake udzaoneka m'nkhokwe. Zaka zitatu zotchingira timitengo ndi minga kuti mbuzi zisadye, zaka zitatu zolambula moto, zatha m'mawa umodzi chifukwa cha chikwanje cha munthu amene sanafunse n'komwe.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi ichi. Chaka chilichonse, nyengo yodzala mitengo ikayamba pa 15 Disembala, timasonkhana, timavala malaya atsopano, timadzala mbande za bulugama ndi kujambulitsa zithunzi, ndipo ikamatha pa 15 Epulo palibe amene amabwerera kukaona ngati mbandezo zili moyo. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika chaka cha 2030, koma mitengo yathu yachilengedwe, imene yamera yokha popanda wothirira, ikuthera m'mauvuni a njerwa ndi m'malo owambira nsomba, ndipo ife tikungoyang'ana.