CHENJEZO: njinga ya magetsi ya munthu waulumali si choseweretsa

Abale anga a kuno ku Salima, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, ku Chipoka, kwa Khombedza ndi konse kumene mawuwa afike, khalani pansi mumve, chifukwa nkhaniyi yandiwawa mumtima kwa nthawi ndithu ndipo lero ndati ndilankhule basi. Masiku ano njinga za magetsi za anthu aulumali, zija zoyendera mabatire zowongolera ndi kandodo ka pa dzanja, zayamba kuoneka m'dera lathu lino. Ena anawatumizira ana awo amene ali ku Joni, ena analandira kumpingo kapena kwa anthu akufuna kwabwino. Tikuthokoza Mulungu. Koma mmene tikuzigwirira njingazi ndi zomvetsa chisoni, ndipo owononga kwambiri si eni ake okwerawo ayi, ndi ife owazungulira, ife amene timati tikuwasamalira.

Ndiyambe ndi inu anyamata. Ndaona ndi maso angawa, mwini njinga wagona pamphasa masana akupuma, njinga aisiya pakhonde, inu mwaitenga mwakwera atatu, wina wakhala pampando, wina waimirira pa choponda mapazi, wina wadendekera kumbuyo, mukuizunguza mumchenga uku mukuseka ndi kujambulana pa foni, akuluakulu ali pomwepo akungoyang'ana. Zoona zimenezo? Njinga imeneyo ndi miyendo ya agogo anu. Ikafa lero, iwo abwerera kukakhala m'nyumba, osapita kutchalitchi, osapita kumaliro, ngakhale kuchimbudzi mpaka kudikira wina awanyamule. Njinga iliyonse ili ndi malire a kulemera amene analemba pa kapepala komata kuthupi kwake, zambiri ndi cha m'ma 120 kg, ndiye mukaisenzetsa anthu atatu kapena thumba la chimanga ndi zigubu za madzi ngati ngolo, mamota amatentha, magiya amadyeka, ndipo mota ikapsa simukaipeza pa hadiweya ya pa boma pano, nthawi zambiri ndi yochita kuitanitsa kunja ndi ndalama zoti banja lonse silingasonkhe.

Tsopano za mabatire, apa ndiye ndikhalitsapo chifukwa njinga zambiri zimafera pamenepa.

Zambiri mwa njingazi zili ndi mabatire awiri a 12 volts olumikizana kuti apereke 24 volts, ndi mabatire omata, osathira madzi, opangidwira kupereka moto pang'onopang'ono tsiku lonse. Batire la galimoto ntchito yake ndi ina, limapereka moto wambiri kamphindi kochepa poliza injini basi, mukaliika pa njinga silikhalitsa, komanso lija la madzi likapendekeka asidi amatayikira pansi pa munthu amene mwina miyendo yake simva kanthu, apsa osadziwa. Musayerekeze. Ndipo batire limodzi likatopa sinthani onse awiri, mukaphatikiza latsopano ndi lakale, lakalelo limapha latsopano, ndalama zapita pachabe.

Kutchaja kwake nako anthu mukukuchita mwachibwana. Mabatire amenewa safuna kuwamaliza mpaka njinga kuima pamsewu ndiye muzikatchaja ayi. Tsiku lililonse imene yayenda, madzulo ilowe pa tchaja, ikhale maola 8 kapena kuposerapo mpaka getsi la pa tchaja lisonyeze kuti yadzaza. Izi zomangobaya mphindi makumi awiri n'kuzula chifukwa wina akufuna soketi ya foni kapena ya TV, ndi zimene zikupha mabatire asanathe ndi chaka chomwe, pamene owasamala amakhala nawo chaka kapena ziwiri bwinobwino. Ndikudziwa magetsi amathima, ndiye akabwera, njinga iyambe ndiyo kulowa pa soketi, mafoni adikire. Gulani kachotetezera kaja timaika pa filiji, chifukwa magetsi pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu n'kuwotcha tchaja. Ngati mwini njinga wagonekedwa m'chipatala kapena wapita kutali, musaisiye yopanda moto kwa miyezi, muziitchajabe, batire likagona lopanda moto limafa lokha.

Tchaja ikhale yomwe inabwera ndi njingayo. Njinga zina zopinda zija, zopepuka, zili ndi batire la lithium, limenelo tchaja yake ndi yakeyake, mukalibaya pa tchaja ya mtundu wina likhoza kuyaka, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Batire likafufuma, likayamba kununkha kapena kutentha moti simungaligwire, zulani pomwepo mulitulutse panja kutali ndi udzu. Musatchajire pafupi ndi mbaula, musavundikire tchaja ndi chitenje, ndipo chonde musatchajire pakhomo penipeni pa chipinda chimene mwini wake wagona, chifukwa moto ukabuka munthu woti sangathamange atulukira pati?

Koma chimene chinandikwiyitsa koposa ndi ichi. Ndinaitanidwa pakhomo pena kuti ndikaone chifukwa chake njinga ya mayi wina ikungotha moto msanga, nditasuzumira pansi pa mpando ndinapeza timawaya tiwiri tofiira ndi takuda atatikolowetsa pa batire limodzi, tatuluka mpaka pawindo, kumapeto kwake kuli babu ndi potchajira mafoni, ndipo anali akulipiritsa anthu a m'mudzimo. Tepi yomwe palibe, mawaya ali pamtunda, pansi pa munthu. Mukamakoka moto pa batire limodzi mwa awiriwo, limodzi limatsika linzake lili pamwamba, tchaja siingawadzaze mofanana, onse awiri amaonongeka. Nanga timawayato tikakhudzana? Mukufuna kuwotcha mayi anu chifukwa cha ndalama za tchaja? Ngati mukufuna bizinesi imeneyo gulani kasola kanu.

Pali tizitsulo tiwiri kumbuyo pafupi ndi mamota, pa njinga zambiri timakhala tachikasu kapena tofiira. Mukatikankha, mamota amamasuka kuti njinga muzitha kuikankha ndi manja. Chimene ambiri simudziwa ndi chakuti pamenepo mabuleki nawonso achoka. Njinga iyi ilibe buleki ya pa dzanja ngati ya kabaza, buleki yake ili m'kati mwa mota, imagwira yokha mukasiya kandodo, mumamva kuti "kha". Ndiye mukamasula tizitsuloto pamtsetse munthu ali pampando, palibe chimene chingaimitse, ipita naye mpaka mu ngalande, ndipo njinga yokhayo nthawi zambiri ndi yolemera kuposa thumba la simenti, zina kuwirikiza. Muzimasula pamalo athyathyathya pokha, wina atagwira, ndipo mukamaliza kukankha mubwezeretse pomwepo musanachoke.

Pokwera ndi potsika, zimitsani kaye. Nkhani yaing'ono koma yagwetsa anthu. Mkono wa malaya kapena chitenje chikakola kandodo, kapena mwana akangokagwira, njinga imanyamuka munthu ali theka pampando theka pabedi. Lamba wa m'chiuno amangidwe ngakhale ulendo ndi wa pa golosale pompa. Timatayala tiwiri tating'ono ta kumbuyo tija ena mumachotsa eti timasokosa kapena timakola pansi, tibwezeretseni lero lomwe, ndi timene timaletsa njinga kugudubukira chagada pokwera chitunda.

Kuno kwathu ndi kwa mchenga ndi madzi, njingazi sanazipangire zimenezo. Ku Senga Bay musaitengere kugombe kuti agogo akaone nyanja pafupi, matayala amangokumba, mamota akulira, mchenga ukulowa m'mabering'i. Aimike pouma polimba. Nthawi ya dzinja musawoloke nayo pa chithaphwi chimene simukuona pansi pake, mamota ndi mabatire ali m'munsi momwemo. Mvula ikakupezani panjira, vekani jumbo pa kandodo, chifukwa bokosi limene pali kandodoko ndiye ubongo wa njinga yonse ndipo madzi akalowa imatha kuzima kapena kuyamba kuchita zake. Ndiye pali ena aukhondo wopitirira, kuitengera pa mjigo kapena kotsukira magalimoto n'kuithira madzi a paipi. Ayi! Kansalu konyowa pang'ono n'kokwanira, njinga itazimitsidwa, mupukute n'kuumitsa.

Loweruka lililonse wina apatule kanthawi aigwadire njingayo. Yang'anani matayala a kutsogolo ang'onoang'ono aja, pa kachitsulo kamene amazungulirapo mupeza tsitsi la mesh, ulusi, zidutswa za ukonde ndi timapepala ta jumbo zitakulungana mpaka tayala kuuma, ndiye njinga imayamba kukokera mbali imodzi n'kumadya moto wambiri, anthu n'kumati batire latha pamene vuto ndi tsitsi. Chotsani ndi kalumo kapena kawaya. Ngati matayala ndi opopa onani mpweya ndi minga, mlingo wake unalembedwa pa tayala pomwepo. Gwedezani zoikapo mikono ndi zopondapo, bawuti yomasuka imangidwe. Onaninso mawaya ngati makoswe sanadye, chifukwa njinga yogona pafupi ndi matumba a chimanga makoswe saisiya.

Dzuwa la mu Okutobala kuno mukulidziwa. Njinga isakhale padzuwa tsiku lonse, kutentha kumafupikitsa moyo wa mabatire, komanso chitsulo ndi mpando wakuda zimatentha moti munthu amene samva kanthu m'miyendo amatuluka matuza osazindikira. Gwirani ndi dzanja lanu kaye musanamukhazike. Khushoni ija inabwera ndi njinga si pilo wa alendo, si yokhalira pa bawo, ndi imene imateteza zilonda za m'matako, ndipo zilonda zimenezo zikazama zimapha munthu. Wokhala pa njinga azisuntha thupi pafupipafupi, pakatha mphindi 15 mpaka 30, ndipo madzulo wina amuone khungu ngati pali pofiira posachoka.

Inunso eni ake, bambo anga ndi mayi anga okwera njingazi, ndikulankhula mwaulemu koma ndinena. Njinga iyi liwiro lake ndi cha m'ma 6 km pa ola, ndi kuyenda kwa munthu wofulumira basi, siingapikisane ndi minibasi kapena malole a pa M5, ndipo ndi yaifupi moti dalaivala wa lole sakuonani msanga. Yendani m'mphepete, madzulo valani zowala, matani zonyezimira kumbuyo, ngati n'kotheka kambendera pa kamtengo katali. Mumsika ndi m'nyumba tsitsani liwiro pa batani lake la liwiro. Podutsa njanji lunjikani bwinobwino, osadutsa chopingasa, chifukwa matayala ang'ono aja amalowa mumpata wa njanji n'kukanirira, ndipo ndi bwino pakhale wina wokuperekezani. Potsika mtsetse pitani molunjika pang'onopang'ono, osakhota pakati. Ndipo ngati mwalawako mowa, njinga ikhale, wina akukankheni. A kabaza a njinga zamoto nanunso, kuliza hutala kumbuyo kwa munthu wa pa njinga yotere n'kumudutsa mochita kumupala ndi khalidwe lanji? Akadzidzimuka dzanja limagwedeza kandodo, njinga n'kulowa mumsewu.

Pakhomo pangani pokwerera pabwino, osati kathabwa kamodzi kotsamiritsa pa sitepe. Muyeso wake ndi wakuti pa sentimita imodzi ya kutalika kwa sitepe, pokwererapo patalike masentimita 12, ndiye sitepe ya masentimita 15 ikufuna pokwerera pa mita imodzi ndi masentimita 80. Njerwa ndi simenti pang'ono zikwana. Mukamaikweza pa galimoto munthu atsike kaye, mugwire chitsulo cha thupi la njinga, osati zoikapo mikono kapena zopondapo, zimenezo zimazuka m'manja.

Ikavuta musathamangire kwa aliyense amene ali ndi sipanala. Safunsa anadya phula. Wokonza mawailesi kapena wowotcherera mageti akhoza kukhala katswiri pa ntchito yake, koma kuwotcherera chitsulo cha njinga mabatire ndi bokosi lowongolera zili zolumikiza kumapsereza zonse, ndipo fyuzi ikapsa osamangapo waya wa kopa, inapsa chifukwa pali vuto. Njinga ikazima mwadzidzidzi, yambani mwaona ngati tizitsulo ta kumbuyo tili m'malo mwake, ngati tchaja mwazula, chifukwa zambiri siziyenda tchaja ili yobaya, ndiponso kabatani kobwezera moto kamene kamatuluka mamota akalemedwa. Timagetsi ta pa kandodo tikamaphethira, werengani kuti tikuphethira kangati kapena jambulani pa foni, chifukwa ndi mmene njinga imanenera chimene chavuta ndipo kabuku kake kamafotokoza. Kabukuko musayatsire moto. Zikakanika pitani kwa a fiziyo kuchipatala cha boma, kapena funsani mabungwe othandiza anthu aulumali, a MAP ndi a MACODA, amene kale tinkawatcha MACOHA, akulozereni kwa odziwa.

Mabatire otha musataye kudzala kapena kuwapatsa ana aziseweretsa, ndipo inu a kunyanja musawaswe kuti mutenge mtovu wolemetsera mbedza ndi maukonde, utsi ndi fumbi la mtovu ndi poizoni, limaononga ubongo wa ana. Kawasiyeni kwa ogulitsa mabatire pamene mukukagula atsopano, ndipo popita mutenge chithunzi cha zolemba za pa batire lakalelo kuti akupatseni la muyeso womwewo.